Mphipi yakuda bii ya banga loyera kumsana pa gombe la Kommetjie: ndi mtundu uti?

Nabanda

Moni nonse. Ndikupempha thandizo kwa inu amene mumazidziwa mbalame za m'nyanja yamchere. Pa matanthwe a ku Kommetjie, kumwera kwa Cape Town, pamatera mphipi zambirimbiri, ndipo mwezi uno wa Juni pali ina yomwe ikusiyana ndi zinzake. Zambirizo n'zakuda, zowonda, zili ndi kachikopa kachikasu pansi pa mlomo, ndipo zimakhala mothithikana. Iyi imakhala poteropo, pa mwala womwe mafunde amaumenya, pamodzi ndi inzake imodzi kapena ziwiri basi. Ndi yojintcha, khosi lake n'lalikulu, ndipo pamphumi pali potukuka pang'ono. Kumaso kulibe mtundu wina uliwonse, n'kwakuda kokhakokha mpaka mlomo womwe. Ikatembenuka kapena ikauluka, pamwamba pa mchira pamaoneka banga loyera. Nthawi zina imavuuka m'madzi itanyamula ndere zaziwisi kukamwa n'kuuluka nazo.

Buku la mbalame likuonetsa mitundu inayi ya mphipi za m'gombe limeneli, koma pa zithunzi zonse zikungofanana. Kodi iyi ndi Cape cormorant yomwe yangokula thupi, kapena ndi mtundu wina? Nanga banga loyeralo n'lachibadwa kapena ndi zitosi za zinzake? Ndingakondenso kudziwa njira yosiyanitsira mitundu yonseyi, kuti ndisamangolota.

aChisale

A Nabanda, mwaifotokoza bwino kwambiri moti palibe chokayikitsa. Imeneyo ndi bank cormorant, dzina lake la sayansi Phalacrocorax neglectus. Mwatchula zinthu zinayi zomwe sizipezeka pamodzi pa mphipi ina iliyonse ya kumeneko: nkhope yakuda yopanda chikopa chamtundu, thupi lolemera, banga loyera pamwamba pa mchira, ndi kututa ndere zaziwisi. Bangalo ndi nthenga zenizeni. Limamera mbalameyo ikayandikira nyengo yoswana, limakhalapo pamene ikufungatira mazira, kenako limayamba kutha ana akamakula. Ku South Africa mphipi imeneyi imaswana kwambiri m'nyengo yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Okutobala, ndiye kuliona mu Juni n'kogwirizana ndi nthawi yake. Nderezo ikumangira chisa.

Pa njira yosiyanitsira, musayambe ndi mtundu wa nthenga. Pamenepo ndi pomwe ambiri amasokonezekera, chifukwa mitundu itatu mwa inayi ndi yakuda. Yambani ndi kuchotsa yosavuta. White-breasted cormorant ndi chimphona pa zonsezi, yotalika masentimita 80 mpaka 100 kuchokera kumlomo kufika kumchira, ndipo yaikulu imakhala yoyera kukhosi ndi pachifuwa. Yaing'ono imayera mpaka kumimba konse. Yaikulu ikamaswana imakhalanso ndi banga loyera, koma pantchafu, m'mbali mwa thupi, osati pakati pa msana. Ikatera pakati pa zinzake mutu wake umaonekera pamwamba pa zonse.

Zikatsala zitatu zakudazo, yang'anani mchira kaye. Ngati ndi wautali poyerekeza ndi thupi, wopendekera pansi kapena wokhudza mwala, mbalameyo ili yaing'ono ndi khosi lalifupi ndi mlomo waufupi, imeneyo ndi crowned cormorant, Microcarbo coronatus, yomwe tingoitcha yatsumba. Imatalika masentimita 50 mpaka 55 ndipo siifika kilogalamu imodzi. Ili ndi katsumba pamphumi komwe imatha kukaimika kapena kukagoneka, nkhope yamtundu wa lalanje, ndi diso lofiira. Diso lofiira pa matanthwe a m'nyanja yamchere nthawi zambiri limathetsa mkangano.

Mchira ukakhala waufupi, mwatsala ndi ziwiri zomwe zimavutadi, ya Cape ndi ya bank. Apa pitani pansi pa mlomo. Ya Cape, Phalacrocorax capensis, ili ndi chikopa chopanda nthenga chachikasu kapena cha lalanje pamene mlomo wapansi wakumana ndi khosi, ndipo chimawala kwambiri nthawi yoswana. Ya bank chikopa chimenecho n'chakuda, moti mutu wonse umaoneka chinthu chimodzi. Ngati kuwala sikukulolani kuona chikopacho, dalirani kapangidwe ka mutu. Mutu wa ya Cape ndi wosalala, mphumi imatsetsereka pang'onopang'ono n'kukalowa kumlomo wowonda. Wa ya bank mphumi imakwera mwadzidzidzi kuchokera pamlomo, ndipo pamwamba pake pali kansonga ka nthenga, komwe mwakaona inu ngati potukuka. Mlomo wake ndi wochindikala.

Kulemera kumasiyananso kwambiri kuposa mmene kutalika kumasonyezera. Ya Cape imatalika masentimita 61 mpaka 64 ndipo imalemera kilogalamu 1.1 mpaka 1.3. Ya bank imafika cha m'ma 75, koma kulemera kwake n'kozungulira makilogalamu awiri, zazimuna zikupitirira zazikazi. N'chifukwa chake ikatera imaoneka ya mimba yotuluka ndi miyendo ikuluikulu, pamene ya Cape imaoneka yothina. Nthenga nazo zimasiyana mukaziona dzuwa lili kumbuyo kwanu: za ya Cape yaikulu zimanyezimira mwa buluu, za ya bank n'zakuda mosawala, zokhala ngati zaubweya kukhosi, ndipo pamapiko zimapita kofiirira.

Ngati muli ndi magalasi oonera patali amphamvu, lipezeni diso. La ya Cape yaikulu n'labuluu wobiriwira wowala, ndipo m'zikope muli timadontho tabuluu. La ya bank yaikulu n'lodabwitsa: theka lapamwamba ndi la lalanje wofiirira, theka lapansi ndi lobiriwira. Palibe mphipi ina m'gombe lonselo yokhala ndi diso la mitundu iwiri chotero.

Khalidwe nalonso limathandiza ngakhale mbalame ili kutali. Mukaona mzere wautali wa mbalame zakuda zikuuluka mogundiza madzi, mazanamazana kapena masauzande, kutsatana ngati linthumbu pa ulendo, zimenezo ndi za Cape. Ya bank imapita kukasaka yokha kapena m'kagulu kochepa, ndipo siitalikira gombe. Yatsumba imasaka yokhayokha m'madzi osaya, m'mikwasa ya matanthwe ngakhale m'maiwe otsala madzi akaphwera.

Mukafuna kuzolowetsa maso, pitani ku Stony Point ku Betty's Bay. Mitundu itatu yakudayi imamanga zisa pa matanthwe a kumeneko, ndipo pali njira yamatabwa yomwe imakufikitsani pafupi osazisokoneza. Kuziona zitayandikana kumaphunzitsa msanga kuposa chithunzi cha m'buku, chifukwa m'buku zonse amazijambula zofanana msinkhu.

Mbewe

Ndikugwirizana ndi aChisale pa mbalame ya a Nabandayi. Koma ndiwonjezere chenjezo, chifukwa anthu ambiri akangomva kuti "yopanda chikasu ndi ya bank" amayamba kulemba bank paliponse, pamene mbalameyi ndi yosowa.

Msampha waukulu ndi ana a mphipi ya Cape omwe angoyamba kuuluka. Iwowa ndi abulawuni, otuwirako kukhosi ndi pachifuwa, diso lawo n'lotuwa, ndipo chikopa cha pansi pa mlomo sichinayambe kuwala. Chimakhala chofiirira mozilala, moti pa mtunda wa mamita 50 simungachione. Ngakhale zazikulu zomwe, kunja kwa nyengo yoswana chikasucho chimazilala. Choncho kusaona chikasu pakokha si umboni. Payenera kukhala china chotsimikizira, kaya mphumi yokwera, mlomo wochindikala, kapena kukula koonekeratu mbalameyo itaima pambali pa ya Cape. Ana a bank amakhala oderapo thupi lonse, alibe chifuwa chotuwa ngati ana a Cape. Diso lawo nalo silinagawike pawiri, limayamba lakuda kenako lobiriwira, ndipo lalanjeyo amabwera mbalame ikakhwima.

Msampha wachiwiri ndi dzuwa. Gombe la Kommetjie layang'ana kumadzulo, ndiye dzuwa likapendeka mbalame zimakhala pakati pa inu ndi dzuwa, ndipo zonse zimangosanduka zithunzithunzi zakuda. Pitani m'mawa dzuwa lili kumsana kwanu. Mbalame yonyowa imanyenganso: ikangovuuka nthenga zimamatirira, khosi limaoneka lowonda ndipo tsumba limagona, pamene youma yomwe ikumva mphepo imafufuma n'kuoneka yaikulu kuposa mmene ilili. Idikireni mphindi zingapo.

Pa zoyera zakumsana, funso la a Nabanda silopanda pake. Mphipi zogona m'munsi mwa zinzake zimadontheredwadi zitosi, koma zitosi zimakhala mizeremizere yosalongosoka, pamapiko kapena pamutu, ndipo zimachoka mbalame ikamira kangapo. Banga la ya bank lili pamalo amodzi, pakati penipeni pamwamba pa mchira, ndipo mapiko akapindidwa limabisika pang'ono. Limaoneka bwino ikamanyamuka kapena yaimuna ikamadzionetsa pachisa, itaweramitsa mutu chagada ndi kuimika mchira.

Yatsumba nayo ili ndi mbale wake wosokoneza, reed cormorant, ya m'madzi opanda mchere, yomwe imafika m'mathiriro a mitsinje ndi m'madoko. Zonse ziwiri zili ndi diso lofiira, ndipo kale akatswiri ankaziyesa mtundu umodzi. Ya reed ili ndi mchira wotalikirapo, tsumba lochepa, ndipo nthenga za pamapiko n'zotuwa zokhala ndi kadontho kakuda kunsonga, moti msana umaoneka wamawangamawanga. Ana ake amayera kumimba, pamene ana a yatsumba ndi abulawuni kunsi konse. Ku West Coast, gombe la kumadzulo kwa South Africa, malo amakuthandizani: pa thanthwe la mafunde ganizirani yatsumba, padamu kapena pamtsinje ganizirani ya reed. Pomwe mtsinje ukuthira m'nyanja m'pofunika kuyang'anitsitsa msana.

Ngati mukujambula, yesetsani kupeza chithunzi cha mutu cha m'mbali, china cha thupi lonse mchira ukuoneka, ndi china mbalameyo ili pafupi ndi inzake ya mtundu wodziwika. Chithunzi choyang'anizana nayo maso ndi maso sichithandiza, chimabisa mphumi ndi mlomo womwe.

Nabanda

Zikomo kwambiri aChisale ndi a Mbewe. Pa chithunzi china chokuzidwa diso likuonekadi lofiirira pamwamba, lobiriwira pansi. Tsono ndifunsenso: n'chifukwa chiyani za Cape zili zambirimbiri pamene za bank zili ziwiri zitatu zokha, chonsecho zikukhala pa matanthwe amodzi ndi nyanja imodzi? Ndamvanso kuti mitundu iwiri yonseyi ili pangozi yotha. Zingatheke bwanji kwa mbalame yomwe ikuoneka yochuluka chonchija?

Nangozo

Achemwali, yankho lili m'chakudya. Mbalame ziwirizi zimagona pa thanthwe limodzi koma sizidyera malo amodzi, ndipo pafupifupi chilichonse pa moyo wawo chimachokera pamenepo.

Gombe lonse kuyambira kumwera kwa Angola, kudutsa Namibia mpaka ku Cape, limadyetsedwa ndi mkokomo wa madzi ozizira wotchedwa Benguela. Mphepo yochokera kumwera imakankhira madzi apamwamba kutali ndi gombe, ndipo ozizira a pansi, odzaza ndi michere, amakwera kulowa m'malo mwake. Tizomera tosaoneka ndi maso timachuluka, ndipo pa ito pamadalira nsomba zing'onozing'ono zoyenda m'magulu, makamaka sardine ndi anchovy. Mphipi ya Cape ndi mbalame ya nsomba zimenezi. Gulu la nsomba limatha kukhala la matani ambiri koma silikhala malo amodzi, lero lili apa mawa lili uko. Kulipeza kumafuna maso ambiri, n'chifukwa chake mbalamezi zimauluka m'mizere italiitali, ndipo zina zikangoyamba kumira zonse zimakhamukira pomwepo. Chakudya chopezeka chambiri nthawi imodzi chimalola kuti mbalame masauzande ziswane pa chilumba chimodzi, zisa zitagundana.

Ya bank imadya za pansi pa nyanja, m'nkhalango za ndere zikuluzikulu zotchedwa kelp. Ku South Africa chakudya chake chachikulu ndi nkhanu za m'matanthwe zomwe kumeneko amati kreef, Jasus lalandii, makamaka zazing'ono, pamodzi ndi tinsomba ta m'miyala ta klipfish. Chakudya chotere n'chomwazikana, umachitola chimodzichimodzi m'ming'alu, ndiye kusaka m'chigulu kulibe phindu. Thupi lolemeralo limaithandiza kukhala pansi m'madzi ozizira. Malire a kumene imapezeka amatsatanso malire a kelp: kuchokera pakati pa gombe la Namibia kufika cha ku Cape Agulhas, nsonga ya kumwera kwenikweni kwa Africa, osapitirira kummawa komwe madzi amafunda. Ya Cape imaswana mpaka ku Algoa Bay, ndipo ikamaliza kuswana ina imayendayenda mpaka ku KwaZulu-Natal ndi kumwera kwa Mozambique.

Ku Namibia kokha ndi kumene ya bank imasonkhana mochuluka, chifukwa kumeneko imadya kansomba kotchedwa bearded goby komwe kamapezeka kambiri. Zoposa theka la mbalame zonse za mtunduwu padziko zakhala zikuswanira pa Mercury Island, kachilumba ka mahekitala atatu okha, ndipo zina zili pa chilumba cha Ichaboe. Zilumba zimenezi zili m'dera lotetezedwa la m'nyanja lomwe boma la Namibia linakhazikitsa mu 2009. Komabe mtundu wonse ukadalira thanthwe limodzi, sitima imodzi yotaya mafuta kapena mliri umodzi ungathe kuupulula.

Zisa zimasiyananso. Ya Cape imaunjika timitengo, ndere zouma ndi nthenga pansi, pa phompho, pa khoma la doko, ngakhale pa sitima yakale, ndipo imaswana kwambiri kuyambira Sepitembala mpaka Febuluwale. Imaikira mazira awiri kapena atatu nthawi zambiri, oyera ngati opakidwa choko, n'kuwafungatira kwa milungu itatu ndi theka kapena inayi. Ya bank imamira kukazula ndere zaziwisi, n'kuzimata pa mwala wosalala zidakali zonyowa. Zikauma pamodzi ndi zitosi zimagwira mwalawo zolimba, ndipo chisa chimatha kukhala chachikulu, cholemera makilogalamu angapo. Imasankha miyala yozunguliridwa ndi madzi komwe zilombo za kumtunda sizifika. Vuto lake ndi loti ku Cape nyengo yozizira ndi yomwenso kumabwera namondwe, ndipo mafunde akulu amakokolola zisa ndi mazira omwe. Ikatero imayambanso kumanga. Imaikira mazira awiri kawirikawiri, nthawi zina limodzi kapena atatu, ndipo amaswa pakatha pafupifupi mwezi.

Tsono za kutha kwake. Mitundu iwiriyi ili pa mndandanda wa IUCN, bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe, wa zamoyo zomwe zili pangozi, ya bank kuyambira 2004, ya Cape kuyambira 2013. Pa mndandandawu saona kuchuluka kwa lero kokha, amaonanso liwiro lomwe chiwerengero chikutsikira. Cha mphipi ya Cape chatsika ndi kupitirira theka m'mibadwo itatu ya mbalameyi. Gulu la masauzande lomwe likukudabwitsani lero ndi chotsalira cha magulu omwe anali aakulu kwambiri m'zaka za m'ma 1970.

Choyambitsa chachikulu ndi njala. Ku Namibia usodzi wa sardine unafika pachimake mu 1968, pamene anagwira matani opitirira miliyoni imodzi m'chaka chimodzi, kenako nsombayo inagwa osabwereranso mwakale, mpaka boma linaletsa kuigwira mu 2018. Mbalame zinatembenukira ku goby, yomwe ilibe mafuta ambiri ngati sardine, ndipo ana oleredwa ndi chakudya chotere sakula bwino. Ku South Africa, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, sardine ndi anchovy zambiri zinasunthira kummawa, kupitirira Cape Agulhas, kutali ndi zilumba za ku West Coast monga Dassen, Jutten, Malgas ndi Bird Island ya ku Lambert's Bay. Mbalame yomwe ili ndi ana pachisa siingatsatire nsomba mtunda wotero n'kubwerera tsiku lomwelo. Nsomba zikasowa, mphipi ya Cape imangochoka n'kusiya mazira kapena ana. Mu Januwale 2021 ana opitirira 1,500 anasiyidwa chotero pa Robben Island, ndipo a SANCCOB, bungwe lopulumutsa mbalame za m'nyanja, anawatenga kukawalera pamanja.

Kreef nayo inachepa kumpoto kwa Cape Town chifukwa chogwidwa mopitirira muyeso, ndipo m'zaka za m'ma 1990 yambiri inayamba kupezeka kummawa kwa Cape Hangklip. Mphipi za bank zinatsika kumpotoko, pamene za kumwera zinapirirako.

Pamwamba pa njala pali matenda. Kolera ya mbalame inapha mphipi za Cape zopitirira 14,000 pa Dassen Island mu 1991, ndipo inabukanso kangapo pa Dyer Island pafupi ndi Gansbaai chaka cha 2000 chitadutsa. Chakumapeto kwa 2021 chimfine cha mbalame cha H5N1 chinapha zopitirira 20,000 ku Western Cape, zambiri pa Dyer Island pomwepo. Kuthithikana komwe kumazithandiza kupeza nsomba ndi komwenso kumafalitsa matenda mwachangu. Kenako pali adani achilengedwe omwe mphamvu yawo imakula mbalame zikachepa: mbalame za m'gombe zotchedwa kelp gull zimaba mazira, avuwo amameza ana pa zilumba za ku Saldanha ndi Dassen, ndipo akatumbu a m'nyanja otchedwa Cape fur seal amagwira ana ongoyamba kusambira komanso kulanda malo omangapo zisa.

Chinthu china chomwe sichidziwika kwambiri n'choti mbalamezi zakhala zikupezetsa anthu chuma. Zitosi zawo ndi manyowa amphamvu. Pakati pa 1843 ndi 1845 sitima mazanamazana zinakokolola zitosi za mbalame za m'nyanja zomwe zinaunjikana pa Ichaboe kwa zaka zosawerengeka, pafupifupi matani 300,000, mpaka kufika pathanthwe. Mu 1930 Adolf Winter anayamba kumanga nsanja yamatabwa m'nyanja pafupi ndi Walvis Bay kuti mphipi za Cape zizigonapo ndi kuswanirapo, anthu n'kumapala zitosizo. Nsanja zotere zinamangidwanso ku Swakopmund ndi ku Cape Cross, ndipo zinasanduka ena mwa malo akuluakulu oswanirako mtunduwu.

aChisale

A Nangozo atambasula bwino. Ndingowonjezapo za thupi, chifukwa zimafotokoza zomwe mudzaziona mukakhala pa thanthwepo kwa kanthawi.

Mphipi imasambira pansi pa madzi ndi mapazi, mapiko itawapinda. Zala zonse zinayi n'zolumikizidwa ndi chikopa, pamene bakha n'zitatu zokha, ndipo miyendo ili kumbuyo kwenikweni kwa thupi, n'chifukwa chake pamtunda imayenda modzandira. Mbali yakunja ya nthenga zake imalowa madzi. Izi zimatulutsa mpweya womwe ukanaiyandamitsa, ndiye imamira osalimbana kwambiri, komanso ikamasambira pamwamba thupi limabisika n'kungotsala khosi ndi mutu. Ikatuluka imatambasula mapiko kuti iume msanga isazizidwe.

Ilibe pamimba popanda nthenga pofungatirira mazira ngati mbalame zambiri. Imalowetsa mapazi pansi pa mazira n'kuwakhalira, ndipo ikadzidzimutsidwa imatha kuwaponyera kunja kwa chisa ponyamuka. Ana amaswa ali amaliseche, akuda, osaona, moti dzuwa kapena mphepo ya mphindi zochepa imawapha kholo likachoka. Podya amalowetsa mutu wonse kukhosi kwa kholo. Kukatentha muona chikopa cha pansi pa mlomo chikunjenjemera mwachangu mlomo uli yasa. Si matenda, ndi mmene imadziziziritsira.

Mungapezenso pa matanthwe timibulu ta mamina tomwe imalavula, muli minga ndi zigoba. Ofufuza amatitola n'kuchotsamo timiyala ta m'makutu a nsomba, ndipo kapangidwe ndi kukula kwa timiyalato kumawauza mtundu ndi msinkhu wa nsomba yomwe inadyedwa. Mu ta ya bank nthawi zambiri mumakhala zidutswa za zigoba za kreef.

Mbewe

Popeza mbalame ya a Nabanda ikututa ndere, chisa chili pafupi, ndiye nkhani ya mtunda woimapo ndi yofunika. Chizindikiro chake n'chosavuta. Mphipi yomwe ili pachisa mwamtendere imakhala khosi litapindika. Ikatalikitsa khosi n'kuyamba kukuyang'anani uku ndi uku, mwafika kale pafupi kwambiri, bwererani pang'onopang'ono osaimirira mwadzidzidzi. Ikanyamuka, kelp gull yomwe imangodikirira chapafupi imatola dzira m'masekondi ochepa, kholo lisanazungulire n'kubwerera. Agalu akhale pachingwe, drone isaulutsidwe pamwamba pa zisa, ndipo opalasa timabwato ta kayak asapite pakati pa mwala wa zisa ndi nyanja, chifukwa kumeneko ndi kothawira kwake. Zilumba monga Dyer ndi Dassen zili m'manja mwa CapeNature, bungwe la boma loteteza zachilengedwe ku Western Cape, ndipo safikako popanda chilolezo.

Mphipi yathanzi siilola munthu kuiyandikira pamchenga. Mukaipeza yangokhala, yang'anani kaye musanaigwire. Ngati ikugwedeza mutu, ikupotoza khosi, ikuzungulira malo amodzi, ikunjenjemera kapena maso achita mtambo, ganizirani chimfine cha mbalame. Musaikhudze, musainyamule kupita nayo kwina, ndipo galu asainunkhize. Lembani malo enieni, jambulani kavidiyo muli chapatali, n'kudziwitsa SANCCOB, yomwe ili ndi malo ku Table View ku Cape Town ndi ku Gqeberha, kapena CapeNature. Mukapeza zakufa zingapo pamalo amodzi, nenani tsiku lomwelo, chifukwa kuchotsa mitembo msanga ndi njira imodzi yochepetsera kufala kwa matenda.

Ngati vuto likuoneka poyera, monga chingwe cha mbedza chokulunga phiko kapena mafuta pa nthenga, ndipo opulumutsa mbalame akuuzani kuti muigwire, chitani motere. Valani magolovesi ndi magalasi, chifukwa khosi lake limatambasuka mwachangu ndipo imalunjika kumaso. Mlomowo uli ndi ngowe kunsonga yomwe imang'amba khungu. Iponyereni thaulo kumutu, gwirani mutu kumbuyo kwa chigaza ndi dzanja limodzi, linalo likupanikiza mapiko kuthupi. Chachikulu kwambiri: musamange mlomo ndi tepi kapena labala. Mphipi yaikulu mphuno zake n'zotsekeka, imapumira kukamwa, ndiye kuimanga mlomo n'kuibanika. Iikeni m'katoni yobowola mabowo, pansi mutayala thaulo, pamalo a mthunzi ndi opanda phokoso. Musaipatse madzi kapena nsomba, pakuti mbalame yofooka imatsamwa mosavuta. Mbedza yomwe yalowa m'thupi kapena yomezedwa musaikoke, ndipo chingwe chotuluka kukamwa musachidule chifupi, chisiyeni chotalikirapo kuti a chipatala cha mbalame akachigwiritse ntchito.

Ya mafuta musaisambitse nokha. Imafunika iyambe yapatsidwa madzi m'thupi ndi kupeza mphamvu kwa masiku angapo, ndipo sopo wotsalira pa nthenga amalowetsa madzi mofanana ndi mafuta omwewo, mbalame n'kufa ndi kuzizira ikabwerera m'nyanja. Sitima ya Treasure itamira pakati pa Robben Island ndi Dassen Island pa 23 Juni 2000, anthu ambiri anamva za mapengwini pafupifupi 19,000 omwe anadetsedwa ndi mafuta, koma mphipi za bank za pa doko la Robben Island zinakhudzidwanso, ndipo inali nthawi yomwe zinali ndi ana m'zisa.

Mbalame yanuyi ilembetseni, a Nabanda. Ikani zithunzi pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti lolembetserapo zamoyo, kapena tumizani ku SABAP2, kaundula wa mbalame za kumwera kwa Africa yemwe wakhala akuyenda kuyambira 2007, ndipo mutchule tsiku, chiwerengero cha mbalame, banga loyeralo ndi kututa ndere, popeza zimenezi ndi umboni woti zikuswana. Mukaona mphete kumwendo, ya chitsulo kapena ya pulasitiki yokhala ndi zilembo, jambulani mwendo n'kutumiza nambalayo ku SAFRING, ofesi yosunga kaundula wa mphete za mbalame ku University of Cape Town, mutchulenso mwendo womwe yavala ndi mtundu wa mpheteyo.